Mmene Mungakonzere Chimbudzi Chogejemula Chimene Sichikusiya Kutaya Madzi

Chimbudzi chogejemula chikakhala kuti chili bwinobwino, phokoso la madzi limamveka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri munthu akagejemula, ndipo thanki ikadzaza chimakhala chete mpaka wina adzachigwiritsenso ntchito. Ngati chanu chikungolira usana ndi usiku, kapena chimati chikakhala chete kwa kanthawi n'kuyambanso kudzaza madzi chokha popanda wochikhudza, dziwani kuti madzi akuthawa m'thanki kudzera pa njira imene sayenera kudutsa. Anthu ambiri amalekerera vutoli kwa miyezi chifukwa madziwo sanyowetsa pansi, amangotsetsereka mumtondo wa chimbudzi n'kumapita, koma mita ya madzi imawerenga dontho lililonse. Tiyerekeze kuti chimbudzi chikutaya theka la lita pa mphindi, omwe ndi madzi ochepa kwambiri powaona ndi maso. Pa ola limodzi amakwana malita 30, pa tsiku malita 720, ndipo pakutha pa masiku 30 amapitirira malita 21,000. Popeza mathanki ambiri amakono amatulutsa malita pafupifupi 6 pogejemula kamodzi, madzi otayika pa tsiku limodzi lokhalo akanakwanira kugejemula ka 120.

Nthawi zambiri chimene chalakwika chimakhala chaching'ono, monga kalabala kakutha kapena choyandama chimene chakwera mopitirira, ndipo munthu wodekha akhoza kukonza yekha. Koma musathamangire kukagula zipangizo musanadziwe kumene madzi akuthawira. Njira zake zazikulu ndi ziwiri: madzi amasefukira pamwamba chifukwa valavu yolowetsa madzi siikutseka, kapena amadutsa pansi chifukwa valavu yotulutsa madzi siikutseka. Phokoso la mavuto awiriwa limafanana, n'chifukwa chake munthu wongomvetsera ndi khutu amasintha chipangizo chabwinobwino n'kusiya chowonongeka.

Dziwani kaye zimene zili m'thanki

Valavu yolowetsa madzi ili pamene paipi yobweretsa madzi imalowera m'thanki, kaya m'mbali kapena pansi. Imatseka ndi kutseguka motsatira choyandama. M'mathanki akale choyandamacho chimakhala mpira wa pulasitiki kapena wa mkuwa umene uli kumapeto kwa kandodo, pamene m'mathanki atsopano chimakhala chooneka ngati kapu ndipo chimakwera ndi kutsika pa thupi la valavu yomweyo. Madzi akamadzaza, choyandama chimakwera n'kumakankhira kalabala kakang'ono pa kabowo kolowera madzi, mpaka kabowoko katsekeke.

Valavu yotulutsa madzi ili pakati pa thanki, chapansi, pa bowo lalikulu lopita ku mtondo. Ilipo ya mitundu itatu imene imapezeka kawirikawiri. Wina ndi wa chotsekera cha labala chimene chimagona pa bowo ndipo chimadzutsidwa ndi katcheni kochokera pa chogejemulira. Wina ndi wa mabatani awiri pamwamba pa chivundikiro, lina lotulutsa madzi onse ndipo lina lotulutsa ochepa. Mtundu umenewu uli ndi chipangizo choima chimene chimanyamuka mukadina batani, ndipo kunsi kwake kuli labala wozungulira, wophwathalala. Wachitatu ndi wa saifoni, umene umakoka madzi kuwakweza kaye m'mwamba kenako n'kuwagwetsera mumtondo.

Chinanso choti muchizindikire ndi paipi yotayira madzi osefukira, imene ntchito yake n'kuteteza kuti thanki isasefukire pansi. M'mathanki ambiri ndi paipi yoima, yotsegula pamwamba, ndipo madzi olowamo amapita mumtondo. M'mathanki ena akale paipiyi imatulukira kunja kwa khoma, moti vuto likakhalapo mumaona madzi akudontha panja pa nyumba.

Konzekerani

Zofunika si zambiri: sipanala yosintha kukula, sikuludilaiva, siponji kapena kansalu, ndowa, thaulo lakale, pensulo, tochi ndi viniga woyera pang'ono. Madzi a m'thanki ndi omwewo a pampopi, sanakhudzane ndi zonyansa, choncho palibe choopa kulowetsamo manja, ngakhale kuti pansi pake pamatha kukhala matope kapena dzimbiri.

Musanakhudze chilichonse, pezani kavalavu kotsekera madzi kamene kamakhala pa paipi yopita ku thanki, kawirikawiri pakhoma chapansi, ndipo muone ngati kakutembenuka. Kamatseka mukakapotokolera mbali imene mivi ya wotchi imayendera. Tina timafuna sikuludilaiva ndipo timatseka mzere wake ukapingasa paipi. Ngati kakhala zaka osakhudzidwa ndipo kakukana, musakakamize ndi sipanala, chifukwa kakathyoka mudzakhala ndi madzi othovoka m'nyumba. Zikatero, kapena ngati kavalavuko palibe, mudzagwiritsa ntchito valavu yaikulu imene imatseka madzi a nyumba yonse. Mukatsimikiza kuti mukhoza kutseka madzi nthawi imene mwafuna, asiyeni otsegula kaye.

Chotsani chivundikiro cha thanki ndi manja awiri n'kuchigoneka pa thaulo, pansi, kutali ndi pamene mapazi anu akuponda. Chivundikiro chadothi n'cholemera, sichichedwa kusweka, ndipo kupeza china chofanana nacho kumavuta. Ngati chili ndi mabatani, musachikoke mwamphamvu: pa mathanki ambiri muyenera kumasula kaye mkombero wozungulira mabataniwo poupotokolera kumanzere, ndipo pa ena batani limalumikizidwa ndi kawaya kamene muyenera kukamasula chivundikiro chili chopendeketsa.

Pezani kumene madzi akuthawira

Apa ndi pofunika kufatsa kuposa pena paliponse. Thanki ili yodzaza, unikani ndi tochi pamwamba pa paipi yotayira madzi osefukira. Ngati madzi afika pamlomo pake ndipo akulowamo, ngakhale pang'ono chabe, vuto lili kumbali yolowetsa madzi. Madzi oyenera amaima pafupifupi masentimita 2.5 kunsi kwa mlomo wa paipiyo, ndipo m'mathanki ambiri muli mzere wolembedwa m'kati umene umasonyeza mlingo wake.

Ngati madzi ali pansi pa mlomo wa paipi koma valavu ikungolowetsabe madzi, kapena imatseka n'kumatsegukanso pakapita mphindi zingapo, ndiye kuti madzi akutsika pang'onopang'ono kudzera pansi, ndipo valavu yolowetsa madzi ikungochita ntchito yake yobwezeretsa amene athawa. Kuti mutsimikize, tsekani kavalavu ka pakhoma, lembani mzere ndi pensulo m'kati mwa thanki pamene madzi alekezera, ndipo mudikire kwa theka la ola kapena ola lathunthu osagejemula. Mukapeza madzi atatsika pansi pa mzere wanu pamene pansi pa chimbudzi pali pouma, valavu yotulutsa madzi ndiyo ikuchucha. Komanso onani pamene madziwo aima. Akatsika mpaka pansi penipeni pa thanki, vuto ndi labala wa pa bowo; akatsika n'kuima pakati, yang'anani pamlingo umenewo, chifukwa mwina paipi yotayira madzi yang'aluka pomwepo.

Njira ina ndi yothira m'thanki madontho angapo a utoto wothira m'zakudya, wa mtundu woonekera bwino, n'kudikira mphindi 15 mpaka 30 osagejemula. Mtunduwo ukaonekera m'madzi a mumtondo, palibenso chokayikitsa. Mukatha kuona gejemulani kuti utotowo usathimbiritse dothi, ndipo musagwiritse ntchito penti kapena utoto wa nsalu. Ngati utoto mulibe, dikirani theka la ola kuchokera pamene munagejemula, pukutani kumbuyo kwa m'kati mwa mtondo pamene madzi amatsikira, matanipo pepala la m'chimbudzi louma, ndipo muone ngati linyowe. M'zimbudzi zimene zakhala zikuchucha nthawi yaitali, malo amenewo amakhala kale ndi mzere wofiirira kapena woyera wotsika kuchokera kunsi kwa mkombero mpaka m'madzi.

Nthawi zina mavuto onse awiri amakhalapo pamodzi, makamaka m'thanki imene zipangizo zake zonse n'zakale. Zikatero yambani ndi valavu yotulutsa madzi, popeza simungaike bwino mlingo wa madzi m'thanki imene ikuchucha pansi.

Ngati madzi akusefukira pamwamba

Madzi ali otsegula, kwezani choyandama ndi dzanja mofatsa mpaka pamene chimalekezera. Ngati madzi asiya kulowa, valavu ili bwino, ndipo vuto ndi lakuti choyandama sichikufika pamene chiyenera kufika madzi asanasefukire. Ngati akulowabe ngakhale mwachikweza, vuto lili m'kati mwa valavu.

Tiyambe ndi choyandama. Onani ngati chikukhuza khoma la thanki, paipi kapena ndodo ya chogejemulira, chifukwa kungokodwa pang'ono kokha n'kokwanira kuti chisakwere bwino. Ngati ndi mpira, umasuleni pa kandodo kake poupotokola, muugwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva madzi akukhutchumuka m'kati, wabowoka ndipo walemera, moti ukuyandama motsika kuposa mmene uyenera kukhalira. Mpira wotere ndi wofunika kusintha. Kuumata sikukhalitsa, popeza umakhala m'madzi nthawi zonse.

Ngati choyandama chili bwino, tsitsani mlingo wa madzi. Pa valavu ya kandodo ka pulasitiki pamakhala kasikuluwu pafupi ndi pamene kandodoko kamalumikizana ndi valavu, nthawi zina kali ndi nati yaing'ono yokagwira kuti kasasunthe. Masulani natiyo, potokolani kasikuluwuko pang'ono, kenako mangani natiyo. Pa valavu ya kandodo kachitsulo kopanda kasikuluwu, gwirani kandodoko ndi manja awiri, lina pafupi ndi valavu ndipo lina chapakati, n'kukapinda pang'ono kuti mpira utsike. Dzanja la pafupi ndi valavu ndilo limateteza kuti mphamvu yanu isathyole valavuyo, choncho musapinde ndi dzanja limodzi. Pa valavu ya choyandama chonga kapu, pamakhala kandodo kowonda m'mbali kokhala ndi kasikuluwu pamwamba kapena kopanira kachitsulo kamene mumafinya n'kutsitsa choyandamacho. Mitundu ya mavalavu imasiyana mbali yopotokolera, choncho potokolani pang'ono, muone ngati choyandama chatsika kapena chakwera. Mukasintha, gejemulani, dikirani thanki idzaze, ndipo muone pamene madzi aima. Bwerezani mpaka aime pamzere wa m'thanki kapena masentimita 2.5 kunsi kwa mlomo wa paipi. Musatsitse mopitirira poganiza kuti mukupulumutsa madzi, chifukwa chimbudzi chikapanda kutsuka bwino anthu amagejemula kawiri.

Tsopano tibwere ku valavu imene siitseka ngakhale mwakweza choyandama. Zifukwa zake zimakhala mchenga kapena dzimbiri zimene zatsakamira pa kabowo kolowera madzi, kapena kalabala kamene katha. Vuto la mchenga limabwera kawirikawiri madzi akabwerera pambuyo poti anasiya, kapena mapaipi akangokonzedwa kumene, chifukwa madzi oyamba amabwera ndi zinyalala. Tsekani madzi, gejemulani kuti thanki ikhuthuke, ndipo musanamasule chilichonse jambulani chithunzi pa foni kuti mudzakumbukire mmene zinakhalira. Tsekani bowo la pansi pa thanki ndi kansalu kuti tizipangizo ting'onoting'ono tisagweremo. Pa valavu yolowera m'mbali, masulani nati yaikulu ya pulasitiki imene ili kutsogolo kwake. Pa yamkuwa yakale, chotsani kapini kogawanika pakati kamene kamagwira kandodo, kenako sololani kachitsulo kozungulira kamene kali ndi kalabala kumapeto. Pa valavu yoima yolowera pansi, chisoti chake cha pamwamba chimachoka mukachikanikiza n'kuchipotokola pang'ono kumanzere, mutakweza kaye choyandama.

Mukafika pa kalabala, kachotseni mosamala ndipo muone mbali imene kanayang'ana. Kalabala kabwino kamakhala kofewa ndi kosalala. Kakutha kamakhala kouma, kong'aluka m'mphepete, kapena kamakhala ndi dzenje lozungulira pakati pamene kakhala kakukanikiza kabowo kwa zaka; nthawi zina kamasiya zakuda m'zala mukakagwira. Tsukani kalabalako ndi malo ake. Kenako vundikirani kapu pamwamba pa valavu yotsegulayo, igwireni zolimba, ndipo wina atsegule madzi pang'ono kwa masekondi ochepa kuti mchenga umene uli m'paipi utuluke. Kapuyo ndi yoti madzi asakuthovokereni kumaso kapena kudenga. Mavalavu ena ali ndi kasefa kumene madzi amalowera, ndipo nako kamafunika kutsuka. Ngati kalabala katha, pitani nako pokagula kena, chifukwa timasiyana kukula ndi kapangidwe ngakhale tikuoneka ngati tofanana. Mukabwezeretsa, kayang'anitseni mbali imene kakale kanayang'ana, popeza kakatembenuzidwa valavu siitseka kapena siitsegula n'komwe.

Ngati mwasintha kalabala koma madzi akulowabe, mlomo wa kabowo uyenera kuti wadyeka kapena thupi la valavu lang'aluka, ndipo ndi bwino kusintha valavu yonse. Onetsetsani kuti mwagula yolowera mbali imene yanu imalowera, pansi kapena m'mbali, ndiponso ya msinkhu wokwana m'thanki yanu. Tsekani madzi, khuthulani thanki, pukutani otsalira ndi siponji, ndipo ikani ndowa pansi. Masulani nati yolumikiza paipi, kenako nati imene imagwira valavu ku thanki kunja kwake, n'kuchotsa valavu yakaleyo. Poika yatsopano, labala wake wotsekera azikhala m'kati mwa thanki. Mangani nati ndi dzanja mpaka itagwira, kenako muonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Kumangitsa kumaononga mazinga a pulasitiki (mizere yozungulira imene nati imayendamo) ndipo kukhoza kung'alula thanki yadothi, yomwe ikang'aluka siikonzekanso. Polumikiza paipi yambani ndi zala, ndipo nati ikayamba kulimba isanazungulire kawiri, ibwezeni n'kuyambanso, chifukwa ndiye kuti yalowa mokhota.

M'mathanki ena muli kapaipi kofewa kochokera pa valavu yolowetsa madzi kupita pa paipi yotayira madzi osefukira. Kamayenera kupanidwa pamlomo pa paipiyo, pamwamba pa mlingo wa madzi. Kakalowetsedwa mozama m'kati kamayamba kukoka madzi a m'thanki n'kumawatayira mumtondo mosalekeza, ndipo munthu akhoza kusintha mavalavu onse awiri osapeza vuto. Kakwezeni n'kukapanira pamlomo, kapena kadulenipo pang'ono ngati katalika.

Ngati madzi akudutsa pansi

Yambani ndi zimene zimanyamula chotsekera, popeza nthawi zambiri labala amakhala wabwino koma china chake chikumuletsa kukhala pansi. Ngati kunyumba kwanu anthu anazolowera kugwedeza chogejemulira kuti phokoso lisiye, chimenecho ndi chizindikiro chakuti vuto lili pamenepa, ndipo chizolowezicho sichithandiza chifukwa mlendo kapena mwana sadziwa, ndipo madzi amatayika usiku wonse.

Pa chimbudzi cha katcheni, gejemulani mukuyang'ana mmene chotsekera chikunyamukira ndi kugwera. Katcheni kakafupika kamakoka chotsekera n'kuchisiya chotsegula pang'ono, ndipo kakatalika kamalowa kunsi kwake pamene chikugwa. Kamafunika kukhala kolendewera pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi, chotsekera chili chogona. Sunthani kambedza kake kupita pa mphete ina mpaka kafike pamenepo, ndipo chotsalira cholendewera mudule. Kenako onani chogejemulira chenichenicho: mukachisiya chiyenera kubwerera chokha. Ngati chikutsalira pansi, nati yake ya m'kati mwa thanki yathina kwambiri kapena yagwira dzimbiri ndi zoyera zouma. Dziwani kuti pa zimbudzi zambiri nati imeneyi ili ndi mazinga otembenuza, moti imamasuka mukaipotokolera mbali imene nati wamba imamangira. Ikakana mbali ina yesani inayo musanaonjezere mphamvu. Itsukeni ndi viniga, n'kuimanganso moti chogejemulira chiziyenda momasuka.

Pa chimbudzi cha mabatani, dinani batani lililonse muone ngati likubwerera m'mwamba. Fumbi ndi sopo zimatha kumatirira m'mbali mwa batani mpaka kumatsakamira. Kunsi kwa mabatani kumakhala tindodo tiwiri timene timakankha valavu. Tikatalika kwambiri timaikanikiza ngakhale palibe wadina. Chizindikiro chake n'chakuti kuchucha kumasiya mukachotsa chivundikiro, n'kuyambiranso mukachibwezera. Tindodoto timafupikitsidwa potipotokola, ndipo pazikhala kampata kakang'ono pakati pa ito ndi valavu. Ngati batani lanu ndi la kawaya, onani kuti kawayako sikanapindike kapena kupanikizika ndi chivundikiro.

Zonsezi zikakhala bwino, fikani pa labala. Tsekani madzi ndi kukhuthula thanki. Chotsekera cha katcheni chimachoka mosavuta: masulani kambedza, kenako vulani timakutu take tiwiri pa tizikhomo ta m'mbali mwa paipi yotayira madzi. Valavu ya mabatani nthawi zambiri imachoka mukaigwira thupi lonse n'kuipotokola pang'ono kumanzere, kapena mukafinya topanira ta m'mbali, ndipo tsinde lake limatsala m'thanki. Itembenuzeni muone labala wozungulira wa kunsi. Kawirikawiri mudzapeza ali ndi matuza odzaza madzi, kapena wapindika m'mphepete, kapena wamera zoyera zokhakhala. Anthu ena amabowola matuzawo ndi singano kapena kutembenuza labalayo, ndipo kuchucha kumasiya kwa kanthawi, koma labala wofika pamenepo watha ndipo mugule wina. Apanso tengani wakaleyo pokagula. Zotsekera za katcheni zimapezeka za bowo la masentimita pafupifupi 5 ndi la masentimita pafupifupi 7.5, ndipo malabala a mavalavu a mabatani amasiyana m'lifupi mwa kunja ndi mwa bowo la pakati, moti kusiyana kwa mamilimita ochepa n'kokwanira kuti madzi azidutsa.

Musanaike labala watsopano, yendetsani chala pamlomo wa bowo pamene labalayo amakhala. Payenera kukhala posalala kuzungulira ponse. Mukamva pokhakhala, nyowetsani kansalu ndi viniga, kaikeni pamenepo kwa theka la ola kuti zoyera zoumazo zifewe, kenako pukutani ndi siponji. Musapale ndi mpeni kapena waya, chifukwa kamzere kamodzi kokandika pamlomopo kamakhala njira ya madzi imene labala aliyense sangaitseke. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli, ndipo labala watsopano akayamba kuchucha amaganiza kuti anagula wachinyengo.

Ngati mumaika mankhwala a mibulu okhala ndi klorini m'thanki, ndi bwino kusiya. Klorini wochuluka amene amakhala m'madzi osayenda amaumitsa ndi kufufutitsa labala, ndipo mudzapezeka mukusintha zotsekera pafupipafupi. Mankhwala otsukira azithiridwa mumtondo.

Za saifoni tinene mwachidule. Popeza madzi amayenera kukwera kaye asanatuluke, saifoni yabwino siichucha, ndipo kapulasitiki kake ka m'kati kakang'ambika chimbudzi chimangokana kugejemuka. Choncho chimbudzi cha saifoni chikamataya madzi mosalekeza, yang'anani mlingo wa madzi ndi valavu yolowetsa madzi. Pokhapokha ngati madzi akutsika pansi pa mzere wa pensulo m'pamene mungakayikire kuti thupi la saifoni lang'aluka kapena labala wa patsinde pake watha.

Yesani ntchito yanu

Tsegulani madzi pang'onopang'ono, dikirani thanki idzaze, ndipo mumvetsere ngati phokoso lasiyiratu. Gejemulani kangapo chivundikiro chili chochotsa, mukuona ngati chotsekera chikugwera pamalo pake nthawi iliyonse, kenako bwezerani chivundikiro n'kugejemulanso. Pukutani manati onse amene munamasula ndi pepala louma, ndipo muwaonenso pakapita ola limodzi ndiponso m'mawa mwake, popeza kudontha kwa panati kumachedwa kuonekera. Bwerezani kuyesa kwa utoto kapena kwa pepala. Ngati muli ndi mita ya madzi, lembani manambala ake usiku mipopi yonse itatsekedwa, n'kuwerenganso m'mawa munthu asanatunge kapena kugejemula. Akasintha, pali pena pamene pakuchuchabe, kaya pa chimbudzi chomwecho kapena pa paipi ina.

Pali zina zimene ndi bwino kusiyira pulambala. Ngati mlomo wa bowo wadyeka kapena tsinde la valavu yotulutsa madzi lang'aluka, valavu yonse iyenera kusinthidwa, ndipo pa chimbudzi chimene thanki yake inakhala pamwamba pa mtondo zimenezi zimafuna kumasula mabawuti n'kunyamula thankiyo, komanso kusintha labala wamkulu wa pakati pake. Mabawutiwo amakhala atadyeka ndi dzimbiri ndipo nthawi zina amafunika kudula. Muitaneninso ngati thanki yang'aluka, ngati thanki inabisika m'khoma ndipo simukutha kufikira zipangizo zake pa bowo la mabatani, kapena ngati valavu yatsopano ikulira ndi kunjenjemera n'kumakana kutseka, chifukwa mwina madzi akubwera ndi mphamvu yopitirira ndipo pakufunika chipangizo choichepetsa.

Podikira pulambala kapena zipangizo, musasiye madzi akutayika. Tsekani kavalavu ka pakhoma, ndipo muzikatsegula pokhapokha pofuna kudzaza thanki. Ngati kavalavuko sikatseka, ndipo valavu yolowetsa madzi imasiya mukakweza choyandama, pingasani kamtengo pamwamba pa thanki n'kumangirirapo kandodo ka choyandama ndi chingwe kuti kakhale m'mwamba. Chimbudzi chikhoza kugwirabe ntchito pothira madzi a m'ndowa okwana malita 6 kapena kuposerapo mumtondo, mwachangu ndiponso nthawi imodzi.